Yankho kwa amalume pa nkhani ya rauta ija

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndaumva, kungoti ndinali mu minibasi, phokoso lake simukanandimva. Mwati pa foni timizere ta WiFi tikuoneka todzaza koma WhatsApp siikuyenda, ndipo wogulitsa rauta anakuuzani kuti ndi 10 Mbps, ndiye mukufunsa ngati imeneyo ndiyo bandulo yanu. Ayi amalume, si bandulo. Mundimvetsere bwino apa, chifukwa sindikufuna muziwononga ndalama pa chinthu choti sanakufotokozereni.

WiFi si intaneti ayi. WiFi ndi kanjira kakafupi chabe, kochokera pa foni yanu kukafika pa rauta, kabokosi kaja kali pa kabati. Timizere tija tikungonena kuti foni ndi rauta zikumvana, basi. Intaneti yeniyeniyo imalowa kudzera pa SIM khadi ili mkati mwa rautamo, kuchokera ku nsanja ya TNM kapena Airtel, malinga ndi khadi yomwe mwaikamo. Ndiye bandulo ikatha, kapena 4G ikafooka, timizere tikhalabe todzaza koma osatuluka kanthu. Zili ngati mpope wapakhomo uja, mwatsegula bwinobwino, koma madzi sanabwere.

Tsopano Mbps ija ndi liwiro, kuthamanga kwake, ma megabit pa sekondi. Bandulo ndi ija amawerenga mu MB ndi GB. Apa m'pomwe anthu ambiri amasokonezeka. Kalembedwe kake muonetsetse: b yaing'ono ndi bit, B yaikulu ndi byte, ndipo ma bit 8 ndiwo amapanga byte imodzi. Choncho 10 Mbps yanuyo mukaigawa ndi 8 ikupatsani 1.25 MB pa sekondi. Kanema wa 50 MB, ngati uja wa chinkhoswe tinatumiza pa gulupu, atenga masekondi 40 zinthu zikamayenda bwino. Koma taganizani, ana akamakoka zinthu pa liwiro limenelo osapumira, 1 GB itha pa mphindi 13 zokha. Ee, 13! Komanso liwirolo mumagawana, mafoni asanu akalumikiza aliyense amapeza kachidutswa.

Pali download, kulandira, ndi upload, kutumiza. Kutumiza nthawi zambiri kumachedwerapo, n'chifukwa chake kanema wanu amazungulirazungulira asanapite.

China ndi ping, ena amati latency. Mukamaimba foni ya kanema ndi achemwali ku Johannesburg, inu mwalankhula kale, iwo akumva mochedwa, kenako mukulankhulira pamodzi, imeneyo ndiye ping yakwera. Amaiyeza mu ms, ndipo ma ms 1,000 ndi sekondi imodzi. Ping ikachepa m'pomwe zili bwino, mosiyana ndi Mbps.

Aa, ndikanaiwala. Mukaona maina awiri a WiFi yanu, lina lothera ndi 5G, musasangalale kuti mwapeza 5G ya mafoni ija. Kumeneko akutanthauza 5 GHz. Imathamanga mukakhala pafupi, koma zipupa za njerwa zimaitchinga. WiFi inayo, ya 2.4 GHz, ndiyo imafika patali, ndiye kuchipinda kwanu kuja mulumikize imeneyo.

Chomwe muchite panopa, muichotse rautayo kuseri kwa TV, muiike pamwamba pafupi ndi windo. Muzimitse, mudikire pang'ono, muyatsenso. Kenako muone bandulo ya SIM ili mkatimo, osati ya mu foni yanu, ndi ziwiri zosiyana zimenezo. Pasiwedi yomwe yalembedwa pansi pa kabokosi tisinthenso, chifukwa aliyense wotembenuza kabokosiko aiwerenga n'kumadya nawo bandulo yanu.

Mundijambulire timagetsi ta pa rautayo munditumizire, makamaka ngati pali kofiira. Ndikaweruka ndikuimbirani tichitire limodzi. Mupereke moni kwa azakhali.