Yankho kwa alamu pa nkhani ya masupuni a m'malesitilanti

Alamu, uthenga wanu ndaumva. Mwati mtsikana wanu wayamba kukonda kusonkhanitsa masupuni a m'malesitilanti amene mumakadyako, ndiye mukufunsa kuti aziwapeza bwanji popanda kuchita manyazi, oyenera kusunga ndi ati, komanso supuni ija yada bii ija aitsuke ndi chiyani. Ndiyankha ndi mawu, kulemba kutalika.

Poyamba penipeni, asayerekeze kuponya supuni m'chikwama. Ngakhale kachepe bwanji, kumeneko ndi kuba basi, ndipo amene amalira kawirikawiri si mwini malo. M'malo ambiri ziwiya amaziwerenga, zikaperewera amakalipira woperekera zakudya, pena mpaka kumudula malipiro. Njira yake ndi kupempha kuti agule. Apemphe kwa manijala, chifukwa woperekera zakudya alibe mphamvu yopereka katundu wa abwana ake, mungomuika m'mavuto. Nthawi yabwino ndi polipira, anthu atachepa, osati pamene mbale zili piringupiringu. Ndipo asaloze imene wadyera. Afunse kuti, kodi muli ndi masupuni akale amene munasiya kugwiritsa ntchito? Malo odyera akasintha mtundu wa ziwiya, zotsala za mtundu wakale zimangokhala m'katoni, ndipo zimenezo savuta kugulitsa kapena kungopatsa munthu. Akagula, alembetse pa lisiti, makamaka ku hotela, kuti wina akaiona m'chikwama pasakhale nkhani. Akakana, ajambule kumbuyo kwa supuniyo ndi foni. Dzina la kampani yopanga likaoneka, mtundu womwewo amaupeza kwa ogulitsa ziwiya za m'mahotela, kungoti iwo amakonda kugulitsa pa dazeni. Kwina kopezako ndi kwa ogulitsa katundu wakale, ndi pamene hotela yatsekedwa n'kumagulitsa katundu wake.

Tsono za abwino ndi ati. Supuni imadziwika kumbuyo, alamu. Aitembenuze, ayang'ane pa chogwirira, pali tizilembo tating'onoting'ono, ajambule ndi foni n'kukulitsa chithunzicho. Malesitilanti ambiri masiku ano amagula masupuni wamba opanda dzina lawo, ndipo kwa ine amenewo ndi ongodzazira kabati. Osangalatsa ndi amene anadindidwa dzina kapena chizindikiro cha malowo, monga a mahotela akale, a m'sitima za pamadzi ndi za pamtunda, ndi a makampani a ndege.

Akaona 18/10, 18/8 kapena 18/0, chimenecho ndi chitsulo chosachita dzimbiri. Nambala yoyamba ikunena kuti magawo 18 pa 100 alionse ndi chromium, amene amaletsa dzimbiri. Yachiwiri ndi nickel, amene amawalitsa ndi kuteteza ku mchere ndi zowawasa. Ndiye 18/0 mulibe nickel, ndi yotchipa, imathimbirira msanga. Kuyesa kwake n'kosavuta, atenge maginito. 18/0 imakakamira zolimba, 18/10 siikakamira, kapena imangokoka pang'ono. Komatu asanamizike kuti supuni imene yakana maginito ndi ya siliva, maginito sangakuuzeni zimenezo. China, chitsulo chosachita dzimbirichi anachitulukira Harry Brearley ku Sheffield mu 1913. Ndiye wogulitsa akamati supuni yolembedwa Stainless ndi ya m'ma 1800, akunama.

Akaona EPNS, imeneyo ndi yokutidwa chabe ndi siliva pamwamba. Mkati mwake ndi chitsulo chosakaniza mkuwa, nickel ndi zinki, mulibemo siliva ngakhale pang'ono. Kukuta ndi magetsi kumeneku kunafala kuchokera kwa a Elkington a ku Birmingham, amene analembetsa lusoli mu 1840. Masupuni ambiri a mahotela akale ndi otere, ndipo a mahotela ankawakuta mochindikala kuposa a pakhomo chifukwa amatsukidwa kangapo pa tsiku. Chilembo cha A1 ndi kampani yokha ikudzitama kuti kukuta kwake ndi kwapamwamba, si boma linatsimikiza. Pa a ku Germany, monga a kampani ya WMF, mumaona 90 kapena 100. Anthu amasokonezeka apa, amayesa ndi siliva wokhawokha. Ayi, ndi magalamu a siliva amene anakutira masupuni 12 ndi mafoloko 12 pamodzi. Siliva weniweni amalembedwa 925 kapena 800, ndipo wa ku England amakhala ndi chidindo cha mkango ukuyenda, pambali pake chidindo cha mzinda, nangula wa Birmingham kapena mutu wa kambuku wa London. Koma zoona zake, lesitilanti yoika siliva weniweni pa tebulo ndi yosowa kwambiri, ndiye asayembekeze zimenezo. Komanso makampani ena okuta ankadinda tizidindo tofanana ndi ta siliva weniweni, ndiye ngati mkango palibe, 925 kapena 800 palibe, aziyesa yokutidwa.

Asanalandire yokutidwayo, ayang'ane malo awiri: kunsi kumene supuni imagunda tebulo ikagona, ndi kunsonga kumene imakwecha mbale. Pakaoneka chikasuchikasu, siliva watha pamenepo, ndipo kutsuka sikungamubwezere. Pakatuluka zobiriwira, ndi mkuwa wa mkati uja, imeneyo angosunga, asadyere.

Ndingamulangize asankhe mtundu umodzi, apo ayi zichuluka n'kusowa mutu wake. Timasupuni ta khofi timatalika masentimita 10 mpaka 12, a tiyi 13 kapena 14, odyera zotsekemera pafupifupi 18. Ting'onoting'onoto ndi tosavuta kupempha ndi kusunga komwe. Ndinenenso pomwepa, supuni ya tiyi ya pa tebulo siikhala mamililita 5 enieni, ina imaposa ina imaperewera, ndiye musamayezere mankhwala a ana.

Tibwere ku yakuda ija. Ngati ili ya siliva kapena yokutidwa, kudako si litsiro, ndi salifa wa mu mpweya ndi wa m'zakudya monga mazira amene wagwirana ndi siliva. Atenge beseni la pulasitiki lopirira kutentha kapena mbale ya galasi, ayale pansi pake pepala la aluminiyamu lokutira zakudya lija. Athire lita imodzi ya madzi otentha kwambiri, supuni yaikulu imodzi ya soda wophikira, ndi ina imodzi ya mchere. Aike supuniyo, ionetsetse kuti yakhudza pepalalo, chifukwa ikapanda kukhudza palibe chichitike. Pakatha mphindi ziwiri mpaka zisanu kudako kumasamukira pa pepala, ndipo pamamveka kafungo ka dzira lovunda, asadabwe. Aitulutse, aitsukuluze, aipukute nthawi yomweyo ndi nsalu yofewa. Vuto la njirayi ndi loti imachotsanso kuda kwa m'mizere ya maluwa ndi m'zilembo, kumene kumaonetsa dzina la hotela bwinobwino. Ndiye ngati ili ndi zokongoletsa zakuya, bola mankhwala opukutira siliva pa kansalu, pang'onopang'ono, osati mlungu uliwonse, popeza kupukuta kulikonse kumadya siliva.

Waya wokwechera mapoto, mchenga, ngakhale mankhwala otsukira mano, ayi ndithu. Zimakanda, ndipo pa yokutidwa zimafika pa chitsulo cha mkati. Bulichi ndiye woipitsitsa, amadetsa siliva ndipo amaboola timaenje ngakhale pa chitsulo chosachita dzimbiri. Za 18/10 zija zimangofuna madzi ofunda ndi sopo, n'kupukuta. Zikakhala ndi madontho oyera a madzi, viniga pang'ono pa nsalu, kenako kutsukuluza. Asaziviike usiku wonse m'madzi amchere, ndipo za siliva asaziviike pamodzi ndi zachitsulo zikukhudzana, siliva amachita mawanga.

Posunga, iliyonse payokha m'kansalu ka thonje kouma, kuti zisamakandane. Asamange ndi mphira, muli salifa, imasiya mzere wakuda wovuta kuchoka. Nyuzipepala ndi nsalu ya ubweya nazonso ayi. M'bokosimo aponyemo choko kapena timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'katoni ya nsapato. Akafuna kuzipachika poonekera, kabati ya galasi yotseka ndi yabwino kuposa pa khoma, kutali ndi utsi wa kukhitchini.

Chotsala ndi kulemba. Kapepala kolimba kakang'ono, amangirire pa chogwirira ndi ulusi wa thonje, osati selotepi chifukwa guluu wake amasiya banga. Alembepo dzina la malo, mzinda, deti, zilembo za kumbuyo zija, ndiponso ngati anagula kapena anapatsidwa. Alembe tsiku lomwelo, chifukwa masupuni a tiyi akafika 20 amafanana onse. Yakudayo munditumizire chithunzi cha kumbuyo kwake asanaiviike, ndione kaye ngati ili ya siliva.