Tsamba la kampani yanu pa Wikipedia musalikonze nokha, pemphani pa Talk

Achemwali, mwati mumagwira ntchito ku Nairobi, ku kampani ya venture capital, zija zoika ndalama m'mabizinesi ongoyamba kumene, ndipo tsamba la kampaniyo pa Wikipedia ya Chingerezi lili ndi zakalekale. Kukula kwa thumba la ndalama n'kwa zaka zapitazo, partner (mmodzi wa akuluakulu a kampani) amene anachoka akutchulidwabe ngati alipo, ndipo ofesi inasamuka koma adiresi ndi yomweyo. Abwana akuti mulowe mukonze, inu mukufunsa ngati n'zololedwa. Ndaona ena m'makomenti akukulangizani kuti mutsegule akaunti ya dzina lina, mukonze mwakachetechete usiku kunyumba. Chonde musatero. Ine ndimakonza nawo Wikipedia mongodzipereka, ndipo njira imeneyo ndi imene imagwetsa m'mavuto kampani pamodzi ndi wantchito amene watumidwayo.

Kuyambira mu June 2014, malamulo a Wikimedia Foundation, bungwe limene limayang'anira Wikipedia, amati aliyense wokonza nkhani polandira malipiro ayenera kuulula amene anamulemba ntchito, kasitomala wake ngati alipo, ndi ubale wake ndi nkhaniyo. Ambiri amaganiza kuti lamuloli ndi la makampani a PR okha, aja olembedwa ntchito yokometsa mbiri ya ena. Ayi ndithu. Inuyo muli pa malipiro a kampaniyo ndipo abwana akutumani, ndiye kuti likukukhudzani, ngakhale sakuonjezerani kalikonse pa ntchito imeneyi. Kupitirira apo, Wikipedia ya Chingerezi imalangiza mwamphamvu kuti munthu wotereyu asamakonze yekha nkhani ya kampani yake. Sikuti akukuganizirani bodza. Nkhani ndi yoti munthu saona nkhope yake popanda galasi: zimene inu mukuziona ngati kungokonza, wapadera amaziona kuti mwakometsa apa, mwabisa apo.

Ndipo zimaululika. Chilichonse chimene chasinthidwa pa tsamba chimakhala mu mbiri yake mpaka kalekale, aliyense angathe kuchiona. Mu 2007 Virgil Griffith anapanga pulogalamu yotchedwa WikiScanner, imene inaonetsa poyera makampani ndi maofesi a boma amene ankasintha nkhani zawo pogwiritsa ntchito makompyuta a kuntchito. Mu 2011 kampani ya PR ya ku London, Bell Pottinger, inagwidwa ikukometsa masamba a makasitomala ake ndi maakaunti obisika. Mu 2013 maakaunti oposa 250 anatsekedwa pa nkhani ya Wiki-PR, kampani yokonza masamba a Wikipedia polipidwa, ndipo mu 2015 ena 381 anatsekedwa pa nkhani inanso ya kukonza kolipidwa mobisa imene inatchedwa Orangemoody. Akonzi a kumeneko anazolowera kununkhiza zoterezi. Akaunti yatsopano imene siinakonzepo china chilichonse, ingotulukira pa tsamba la kampani imodzi n'kulemba manambala amene sanatulukepo m'nyuzipepala iliyonse, aliyense amadziwa kumene yachokera.

Chotsatira chake n'chimene abwana anu ayenera kuchimva bwino. Pamwamba penipeni pa tsambalo amaikapo chenjezo lakuti nkhaniyi mwina inakonzedwa ndi munthu wolipidwa amene sanadziulule. Bizinesi yanu ndi yosunga ndalama za eni, ma LP aja, kutanthauza oika ndalama m'thumba lanu monga mabungwe a penshoni ndi mabanki a chitukuko, amene asanaike khobidi amayamba afufuza mbiri yanu. Nambala yakale pa tsamba angaimvetse, koma chenjezo loti mumachita zamseri lidzabweretsa mafunso pa msonkhano umene munayenera kukambirana za thumba latsopano.

Njira yoyenera si yovuta, imangofuna kudekha.

Tsegulani akaunti yanuyanu. Dzina lake lisakhale la kampani lokha, chifukwa maakaunti otero amatsekedwa, komanso akaunti imodzi saloledwa kugwiritsa ntchito anthu angapo. Dzina lanu kapena lopeka, ngakhale lophatikiza dzina la kampani kumapeto, zilibe vuto. Pa tsamba lanu la akaunti lembani chiganizo chimodzi chonena kuti ndinu wantchito wa kampani yakuti, ndipo muzipempha zosintha pa nkhani yake. Pali template (mawu okonzedwa kale ongoika pa tsamba) yotchedwa paid yochitira zimenezi. Kenako pitani pa tsamba la Talk la nkhaniyo, pamene akonzi amakambirana za nkhaniyo, tsegulani mutu watsopano, ikani template ya edit COI pamwamba, n'kulemba pempho lanu. Template imeneyi imalowetsa pempholo pa mndandanda umene akonzi opanda mbali amauyang'ana.

Kalembedwe ka pempho ndi pamene ambiri amaphonya. Amalemba ndime zisanu zofotokoza mmene kampani yakulira, n'kumaliza ndi mawu oti chonde konzani tsambali. Wokonza uja ndi munthu amene akuchita zimenezi atachoka ku ntchito yake, salipidwa, ndipo akaona zoti ayambe wafufuza yekha, amadumpha n'kutenga pempho lina. Inu muuzeni ndendende. Mu infobox, kabokosi ka mfundo zachidule kokhala pambali pa nkhani, pa mzere wa likulu, palembedwa msewu wakuti, pakhale wakuti, umboni nawu. Mu ndime yachiwiri, chiganizo chakuti uje ndi partner chisinthidwe kukhala chakuti anali partner mpaka chaka chakuti, umboni nawu. Chilichonse pachokha, mawu akale, mawu atsopano, linki. Zitatu zimene mwatchulazi n'zokwana pempho loyamba. Musaphatikizepo mndandanda wa makampani onse amene munaikamo ndalama, kapena mawu a pa webusaiti yanu onena kuti ndinu otsogola mu Africa. Komanso musakopere ziganizo za pa webusaitiyo, ngakhale ndi yanu, chifukwa zimachotsedwa ngati zobedwa.

Pa umboni ndi pamene makampani a venture capital amavutika kuposa ena, ndiye ndikhalitsepo. Wikipedia siilemba zimene inu mukudziwa, imalemba zimene zinasindikizidwa poti wina aliyense angathe kukaziona. Spreadsheet ya mu ofesi, ngakhale ikhale yolondola chotani, si umboni. Lipoti limene mumatumizira ma LP si umboni, ndipo mwina simuloledwa n'komwe kuliulula. Crunchbase, webusaiti ya mbiri za makampani imene anthu a ntchito yanu amaidalira tsiku ndi tsiku, inakanidwa pa Wikipedia ya Chingerezi mu 2019 chifukwa zambiri za mmenemo amalemba ndi eni makampani omwe. Press release, chilengezo cholembedwa ndi kampani yomwe, yodutsira pa webusaiti yofalitsa zilengezo ya PR Newswire ndi mawu anu omwe, ndipo nkhani za pa Forbes zolembedwa ndi ma contributor, olemba akunja, siziwerengedwa ngati za atolankhani a magaziniyo. Zinthu zosatsutsika ngati adiresi ya ofesi kapena mayina a ma partner amene alipo panopa, webusaiti ya kampani imakwanira. Koma nambala ya ndalama imafuna wapadera: Reuters, Financial Times, Bloomberg, kapena Business Daily ya konko ku Kenya, pamene mtolankhani analemba yekha. Ngati kampani yanu inalembetsa ku SEC, bungwe la boma la America loyang'anira misika ya ndalama, fomu yotchedwa Form ADV imene imaperekedwa chaka ndi chaka imaonetsa ndalama zimene mukuyang'anira, ndipo ili poyera.

Samalaninso kuti nambala mukuitchulayo ndi iti. Ndalama zimene thumba likufuna kusonkhanitsa, zimene zinapezeka pa first close (gawo loyamba la kusonkhanitsako), za pa final close (pamene kusonkhanitsa kwatha), ndi zonse zimene kampani ikuyang'anira m'matumba ake onse, ndi zinthu zinayi zosiyana. Mwachitsanzo thumba lachiwiri la Partech Africa, la kampani ya venture capital ya Partech, linatsekedwa pa ma euro 280 miliyoni mu February 2024, ndipo nambala imeneyo ndi ya thumba limodzilo, si ya kampani yonse ya Partech. Mukasakaniza zoterezi, wokonza amakana pempho lonse. Nambala iliyonse iyende ndi chaka chake.

China chimene mabwana ambiri samachilandira bwino n'chakuti zakale sizifufutidwa, zimangosanduka mbiri. Sequoia Capital, kampani yaikulu ya venture capital ya ku America, inalengeza mu June 2023 kuti igawika patatu, nthambi ya ku China n'kukhala HongShan, ya ku India ndi kum'mwera chakum'mawa kwa Asia n'kukhala Peak XV Partners. Zimenezo sizinafafanize mfundo yoti nthambizo zinali za Sequoia. Chimodzimodzi ndalama zoposa madola 200 miliyoni zimene Sequoia inaika mu FTX, kampani yogulitsirapo ndalama za crypto imene inagwa, n'kuziwerenga ngati zatayika mu November 2022: zinalembedwa m'nyuzipepala zikuluzikulu, ndipo ndi mbali ya mbiri yake. Ndiye ngati mkati mwa "zakale" za abwana muli bizinesi imene munaikamo ndalama n'kugwa, ndipo inalembedwa ndi atolankhani, musapemphe kuti ichoke. Mungapemphe kukonza ngati chaka kapena nambala yalakwika, basi. Za partner anachokayo, nenani chaka chokha. Chifukwa chimene anachokera musachikhudze, malamulo okhudza anthu amoyo ndi okhwima kwambiri.

Pali zochepa zimene mungakonze nokha: wina akalemba zotukwana pa tsambalo, chilembo chikaphonyeka, kapena pakalembedwa bodza loipitsa munthu wamoyo popanda umboni. Ngakhale apo, nenani mu edit summary, kabokosi kolembamo chidule cha zimene mwasintha, kuti ndinu wantchito wa kampaniyo.

Yankho limatha kutenga milungu, nthawi zina miyezi, chifukwa mzere ndi wautali. Musatumize anzanu a mu ofesi kuti akachemerere pempholo pa Talk, zimaoneka, ndipo zimatengedwa ngati chinyengo. Pakapita nthawi popanda yankho, funsani mwaulemu ku Teahouse, tsamba lothandizira akonzi atsopano, kapena pa Talk ya WikiProject Companies, gulu la akonzi oyang'ana nkhani za makampani. Akakana, werengani chifukwa chake, kawirikawiri ndi umboni wosakwana, ndipo mungathe kubweranso ndi wabwino.

Musanayambe zonsezi, tsikani kumunsi kwa tsambalo muone maumboni amene alipo kale. Wikipedia imafuna kuti kampani ikhale italembedwa mozama ndi anthu osagwirizana nayo, ndipo zilengezo wamba zoti thumba latsekedwa kapena taika ndalama mwakuti siziwerengedwa pa muyezo umenewu. Ngati tsamba lanu laima pa ma press release okhaokha, wokonza amene adzabwere kudzayankha pempho lanu angathe kulipereka kuti likambidwe zochotsedwa. Zimenezi abwana azidziwe lero, asanakutumeni. Auzeni kuti tsambalo si la kampani, kuti mupempha zinthu zitatu poyera m'dzina lanu, ndiponso kuti tsiku loyankhidwa simungalilonjeze. Ndipo akavomera, apempheni akulembereni chilolezocho pa imelo, chifukwa amene adzaonekere pa Talk ndinu.