Akandinyoza pamaso pa anthu, ndisiye kupereka mpata wa mafunso?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wachitsikana wa cha ku Bembeke. Anzake a m'kalabu anamusankha kukhala mlimi wachitsanzo, ndipo wakhala akuphunzitsa kubzala chimanga mwa Sasakawa (mbewu imodzi paphando) ndi kupanga manyowa a Mbeya (aja osakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza pang'ono n'kusunga m'thumba). Akuti pa msonkhano wachitatu, ali pakati pofotokoza, bambo wina wachikulire anadzuka nati, "Kodi mwana wadzulodzuloyu ndiye atiphunzitse kulima? Ife tinayamba kugwira khasu amake asanathe msinkhu." Anthu anafa nacho chiseko, iye mawu n'kuuma kukhosi. Akufunsa ngati kuli bwino kumangophunzitsa n'kutseka ndi pemphero, osapatsanso anthu mpata woyankhula.

Achemwali, pepani, zimawawa zimenezo. Koma mpatawo musautseke. Mukautseka, zonenazo zikanenedwabe kumjigo ndi pa bawo inu kulibe, ndipo kumeneko palibe wokuyankhirani.

Tiyambe ndi bambowo. Anayankhula mwachipongwe, inde, koma galu wamkota sakandira pachabe. Ine ndikuganiza kuti mkati mwa chipongwecho munali funso lenileni limene iwo sanafune kulifunsa mwaulemu kwa mwana. Taganizani zimene mukuwauza. Moyo wawo wonse abzala mbewu zitatu paphando, mapando ndi mizere zotalikirana masentimita 90. Inu mukuti mbewu imodzi, mapando masentimita 25, mizere masentimita 75. Papepala inu mwapambana: kabzalidwe kakaleko kamapereka mapesi pafupifupi 37,000 pa hekitala, kanuka kamapitirira 53,000, ndipo phesi lililonse limadya lokha popanda wolimbana naye. Koma munthu amene waonapo mbewa ndi nkhwali zikufukula m'munda amadziwa chifukwa chake makolo ankaponya zitatu. Imodzi ikadyedwa, ziwiri zimatsala. Mwa Sasakawa imodziyo ikapita, phando latsala lopanda kanthu, muyambenso kupakiza. Ndiye pali feteleza, poti mapando ochuluka chotero amafuna chakudya, mtengo wa thumba nawo aliyense akuudziwa. Pali nyemba ndi maungu zimene ife a ku Dedza ndi Ntcheu timaponya m'chimanga, ndipo mayi aliyense akumva za masentimita 25 akudzifunsa kuti nanga ndiwo zilowa pati. Zonsezi si umbuli ayi.

Tsiku limenelo mukanati, "Zoona agogo, munayamba kale kulima ine kulibe. Tatiuzeni, n'chiyani chimene mukuona kuti chivuta pa kabzalidwe kameneka?" bwenzi mpira utabwerera kwa iwo. Akatchula mbewa, mwapeza nkhani yokambirana gulu lonse. Akasowa chonena, anthu aona okha, inu osatulutsa liwu loipa.

Ndikunena izi chifukwa ndinapsapo. Zaka zapitazo ndinali pa msonkhano wina kufupi ndi Lizulu, ndipo bambo wina ananditsutsa mofuula. Ine magazi ali otentha, ndinawakhuthulira manambala onse amene ndinaloweza, mpaka anakhala pansi anthu akuwaseka. Ndinapita kunyumba ndikudzimva kuti ndine katswiri. Msonkhano wotsatira kunabwera anthu owerengeka. Ndinadzamva pambuyo pake kuti bambowo anali mwinimbumba wa pafupifupi theka la amayi a m'kalabumo. Amayiwo anaseka nawo tsiku lija, koma atafika kunyumba anakumbukira kuti amene anachititsidwa manyaziyo ndi malume awo. Zinanditengera dzinja lathunthu kuti ndikonze.

Sikuti aliyense woyankhula ayankhidwe. Uyo wadzera kokachasu, musalimbane naye. Imeneyo ndi ntchito ya nduna za amfumu kapena wapampando, ndipo n'chifukwa chake msonkhano umayenera kudzera kwa amfumu ndi kuchitika m'mawa, osati madzulo a tsiku la msika. Uyo wofunsa za alawansi, muyankheni kamodzi poyambirira penipeni kuti lero kulibe kangachepe, wofuna kubwerera abwerere. Anthu anazolowezedwa ndi mabungwe, musawadabwe.

Amene ine amandidetsa nkhawa kwambiri ndi ena, oombera m'manja aja. Mukafunsa kuti "Tamvana?" onse pamodzi "Eee!" Mukabwera mu Disembala mupeza abzala zitatuzitatu monga kale. Pa misonkhano yathu abambo amakhala pamipando kutsogolo, amayi pamphasa chapambali ana ali kumsana, ndipo mafunso ambiri amachokera kumipando. Chonsecho kuno kwa Achewa munda nthawi zambiri ndi wa mayi, bambo ndi mkamwini, ndipo tsiku lobzala amene wanyamula mbale ya mbewu ndi mayiyo. Iye sangaimirire pamaso pa apongozi kunena kuti sanamve muyeso wa phulusa. Musiyeni, mukamupeze kudimba akuthirira kabichi kapena mbatatesi, mukhale pansi, mumufunse kuti pa zija tinakamba chinakuvutani n'chiti. Mudzamva zimene simungazimve pabwalo: kuti gaga amene mukuti athire m'manyowa ndi yemweyo akudyetsa nkhumba, kapena ndi yemweyo amasungira miyezi ya njala. Mlimi wachitsanzo amene sanamve zimenezi adzangodabwa kuti bwanji anthu akukana chinthu chabwino.

Pa manyowa a Mbeya pomwepo, kanthu kena. Mafunso a manyowa amenewa amakhala ofuna yankho lolunjika: ndowe ziti, gaga wochuluka bwanji, bwanji thumba langa lanunkha, kodi ndingatsegule masiku 21 asanakwane. Chimene mukuchidziwa yankhani. Chimene simukuchidziwa musapeke, nenani kuti mukafunsa alangizi. Koma mukatero mukafunsedi, ndipo msonkhano wotsatira muyambe ndi yankholo, mutchule ndi amene anafunsa. Munthu akamva funso lake likubwerera patatha sabata ziwiri, amadziwa kuti simunangomuthawa. Ambiri amagwa pamenepa, "ndikafunsa" wawo amathera panjira. Khalani ndi kakope, muzilemba.

Za kuti ndinu wamng'ono komanso ndinu mayi, sindikunamizani, zizibwerabe. Ena sadzavomera pakamwa ngakhale ataona ndi maso. Koma dziko lino laonapo amayi akuweruza pabwalo. Ku Dedza konkuno Inkosi Theresa Kachindamoto anathetsa maukwati a ana ambirimbiri, ndipo si onse amene ankawaombera m'manja. Inu simukuthetsa ukwati wa munthu, mukungopempha kuti mbewu ikhale imodzi paphando.

Ndiye za bambo aja chitani izi. Musadikire msonkhano wina. Pitani kwawo ndi wapampando kapena mayi wina wachikulire, muodire, mukhale pansi monga mwana wa pamudzi. Za chipongwe chija musazitchule n'komwe. Apempheni kuti mvula ikagwa mugawe kachigawo ka munda wachitsanzo pawiri, mizere khumi abzale iwo mwa njira yawo, khumi inayo mubzale inu, mbewu yofanana, feteleza wofanana, tsiku limodzi. Auzeni kuti pokolola adzayeza ndi iwo, ndi ndowa yawo. Mwina akana. Akavomera, mwapeza munthu amene azifika kumundako kawiri pa sabata kudzaona ngati chimanga chanu chikufa, ndipo anzawo a pa bawo azimva za munda umenewo tsiku ndi tsiku. Konzekaninso kuti mwina chaka chimenecho mbewa zidzavuta, mizere yawo n'kuoneka bwino kuposa yanu. Zikatero mudzanene poyera kuti chaka chino agogo atiposa, kenako mudzawafunse mmene amatchera mbewa.

Mudzandilembere mu Epulo, ndimve kuti ndowa zinakwana zingati mbali iliyonse.