Mwandifunsa ngati mutsogolere anzanu a lendi, achemwali

Kalata ya lero yachokera kwa mayi wina amene wapempha kuti dzina lake lisatchulidwe. Mwininyumba wakweza lendi mwadzidzidzi, wauza mabanja onse a pamalo pake kuti wosakwanitsa atuluke mwezi ukamatha, ndipo anzawo akuwakankhira mayiwa kutsogolo kuti akawalankhulire. Funso lawo ndi lalifupi: "Kodi ndivomere? Ndili ndi ana, komanso apolisi ndimawaopa."

Achemwali, mwandikhudza pachilonda, ndiye mundipirire, ndiyenda kaye mozungulira.

Ine mwininyumba anandizulirapo chitseko chifukwa cha ngongole ya lendi. Anamasula mahinjesi n'kuchisenza kupita nacho, ine ndili kuntchito. Masiku amenewo ndinkagwira ntchito yonyamula ndi kulongedza katundu, pamalo pomwe malipiro ankatuluka tsiku limene abwana akumbukira kuti nafenso timadya. Mwezi ukatha ankangoti, "Makasitomala sanalipire, pirirani." Ife tinkapirira ndithu, koma lendi sipirira. Nditafika madzulo ndinapeza zanga zonse zili pambalambanda. Ndinatchinga pakhomo ndi matiresi, n'kugona pansi nsapato zili kuphazi. Usiku wonse akuba sindinawaganizire n'komwe, maganizo anali pa m'mawa, anthu akadzuka n'kuona. Kutacha ndinauza oyandikana nawo kuti chitseko apita nacho kokakonza. Onse anangoti "oho, chabwino," chonsecho ena mwa iwo anali atazuliridwapo kale, ndipo pa nthawi yawo ananena bodza lomwelo.

Kupolisi ndinapita. Amene ndinamupeza sanatenge ngakhale cholembera. Anangofunsa ngati ndili ndi ngongole, ndipo nditavomera anati nkhaniyo ndi ya ine ndi mwininyumba, tikakambirane.

Anatitsegula maso ndi mayi wina wachikulire, telala, wokhala chipinda chakumapeto. Mwininyumba wathu sankapereka malisiti, ndiye mayiwo ankadzilembera okha m'kope la ana asukulu: tsiku, ndalama zomwe apereka, ndi dzina la munthu amene analipo popereka. Tsiku lina anayamba kuyenda khomo ndi khomo ndi kope lija, kufunsa funso lomwe palibe ankafuna kulimva: "Mwanawe, iwe umalipira zingati, nanga watsalira miyezi ingati?" Ena ankazemba, ena kukalipa kumene. Iwo sankakakamiza, ankangoyamba kutchula ngongole yawo. Kope litadzaza zonse zinaonekera poyera. Zipinda zofanana, lendi yosiyana. Aliyense anauzidwa kuti wovuta ndi iye yekha, anzake onse amalipira pa nthawi yake. Pafupifupi tonse tinali ndi ngongole, ndipo ambiri pa chifukwa chimodzimodzi, malipiro ochedwa.

Kuyambira pamenepo ndimakana munthu akamandiuza kuti a lendi amagonja chifukwa sadziwa malamulo. Amagonja chifukwa cha manyazi. Aliyense amafungatira ngongole yake, kumwetulira pakhomo, kumalira m'nyumba, ndipo mwininyumba wankhanza amadyera pomwepo, chifukwa akudziwa kuti akatulutsa mmodzi enawo angosuzumira pawindo n'kuthokoza kuti lero si iwo. Ku Spain anthu anazizindikira zimenezi mabanki atayamba kulanda nyumba chuma chitagwa mu 2008. Mu 2009 ku Barcelona kunabadwa gulu la anthu ovutika ndi ngongole zogulira nyumba lotchedwa Plataforma de Afectados por la Hipoteca, mwachidule PAH. Munthu akabwera ndi vuto sankamulowetsa mu ofesi ya loya kuti akanong'one, ankamukhazika pamsonkhano kuti afotokoze pamaso pa onse, ndipo omulangiza anali anzake amene anadutsa kale m'zomwezo. Kenako anayamba kukaima pakhomo la aliyense amene tsiku lake lotulutsidwa lafika. Mneneri wawo, Ada Colau, anadzakhala meya wa Barcelona mu 2015, ndipo anthu amakonda kutchula zimenezo. Ine chimandigwira mtima ndi msonkhano uja, bambo wamkulu ndi ndevu zake kuimirira n'kunena kuti ndalephera kulipira.

Nkhani yomwe ndimaikonda kuposa zonse ndi ya ku Glasgow, dziko la Scotland, mu 1915. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, anthu anakhamukira mumzindawo kukagwira ntchito m'mafakitale a zida ndi okhoma zombo, nyumba zinachepa, eninyumba n'kukweza lendi, ngakhale kwa akazi amene amuna awo anali kunkhondo. Amayi a dera la Govan, motsogozedwa ndi Mary Barbour, anakana kulipira ndalama yowonjezerayo. Taonani mmene ankachitira. Mayi mmodzi ankakhala mlonda pakhomo la nyumba zosanja ali ndi belu, ena onse akugwira ntchito zawo. Akaona anthu a khoti akubwera kudzatulutsa munthu, belu ngwe ngwe ngwe, amayi onse kusiya zochapa n'kudzaza pamakwerero, wobwerayo n'kusowa popita. Pofika November anthu pafupifupi 20,000 anali asakulipira. Pa 17 November mwininyumba wina atatengera anthu 18 kukhoti, ogwira ntchito zokhoma zombo anasiya zida zawo n'kukagwirizana ndi amayiwo panja pa khoti. Milandu inathetsedwa, ndipo chaka chisanathe boma la Britain linakhazikitsa lamulo lobwezera lendi ya nyumba zotere pa mtengo wa mu 1914. Belu ndi ndondomeko yolondera mosinthana, basi.

Ndiye mukandifunsa ngati muvomere, ndikuti vomerani, koma osati nokha. Mawu oti "akundikankhira kutsogolo" andidetsa nkhawa. Pali anthu okonda kukankha mnzawo kuti iwo apeze msana wobisalapo, ndipo zikavuta mudzatembenuka n'kupeza kumbuyo kuli zii. Gulu la mtsogoleri mmodzi silivuta kulipha. Amamugula pomuchotsera lendi mwakachetechete, akakana amamuopseza, akalimbabe amamutsekera. Ku Durban, South Africa, gulu la anthu okhala m'zisakasa la Abahlali baseMjondolo linayambira ku Kennedy Road mu 2005. Mu September 2009 anthu onyamula zida anaukira malowo, ndipo mtsogoleri wa gululo, S'bu Zikode, ndi atsogoleri ena anathawa nyumba zawo. Mwezi wotsatira gulu lomwelo linapambana kukhoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, lomwe linagamula kuti gawo lina la lamulo la chigawo cha KwaZulu-Natal lothana ndi zisakasa n'losemphana ndi malamulowo. Atsogoleri ake angapo aphedwa m'zaka zapitazi, koma gululi lilipobe, chifukwa nthambi zake zimasankha zokha atsogoleri awo. Sindikukuopsezani, achemwali. Nkhani yanu ndi yaing'ono poyerekeza ndi imeneyo. Ndikungofuna kuti pasapezeke munthu mmodzi amene akamuchotsa zonse zagwa.

Ndipo poti ndafika apa, ndinene za alendo amene adzakupezani nkhani yanu ikangomveka. Adzabwera pagalimoto, ndi malaya osindikiza uthenga, kukuitanirani kumaphunziro a kuhotela kumene mukasaine alawansi n'kujambulitsa mutakunga chibakera. Alipo abwino, makamaka amene amabwera ndi loya woti akaimadi m'khoti. Koma ambiri ndawaona akusandutsa gulu la anthu okwiya kukhala mzere wa anthu odikira envulopu. Anthu amene dzulo ankasonkherana okha ndalama ya mayendedwe amayamba kufunsa kuti, "Kodi kumsonkhanoko kuli kangachepe?" Mlendo aliyense mufunseni funso limodzi: tsiku lotulutsa katundu, m'mamawa, mudzakhala kuti? Akayamba kunena za ndondomeko ya bungwe lawo, mupatseni mpando amwe madzi azipita.

Chinanso chimandikwiyitsa ndi kulekanitsa nkhani ya lendi ndi ya malipiro, ngati kuti wa lendi ndi wantchito ndi anthu awiri. Chitseko changa chinazulidwa ndi mwininyumba, koma anayambitsa ndi abwana aja. Ku Glasgow zinatheka msanga chifukwa ogwira ntchito anaopseza kuimitsa mafakitale pakati pa nkhondo. Ku Memphis, America, mu February 1968, amuna awiri otola zinyalala, Echol Cole ndi Robert Walker, anaphwanyidwa ndi makina a galimoto yawo yomwe anabisalamo mvula. Anzawo pafupifupi 1,300 ananyanyala ntchito kufuna malipiro abwino ndi kuti bungwe lawo lizindikiridwe, ndipo anawagwira dzanja ndi mipingo ndi anthu a m'madera awo. Martin Luther King, mbusa womenyera ufulu wa anthu akuda, anaphedwa pa 4 April ali mumzindawo chifukwa cha sitalaka imeneyi. Mukamalemba m'kope mwanu, onjezerani funso loti munthu amagwira kuti ntchito ndipo amalandira liti. Mudzadabwa kupeza mabanja angapo akuvutika ndi bwana mmodzi.

Za apolisi

Mantha anu ndi oyenera, musalole wina akuuzeni kuti ndinu wamantha. Kwathu kuja, mwininyumba atabwera ndi anyamata kudzataya panja katundu wa mayi wina wamasiye, tonse tinakhala pansi pakhomo pake, telala uja ali pakati ndi kope lake. Sitinagende, sitinatukwane. Galimoto ya polisi inafika nthawi yomweyo, kuchokera kupolisi komwe kuja anandiuza kuti nkhani za lendi siziwakhudza. Munthu mmodzi akamachitiridwa nkhanza imakhala nkhani ya awiri, anthu osauka akasonkhana imasanduka nkhani ya chitetezo. Telala anaimirira mwaulemu n'kupempha kuona chikalata cha khoti chololeza kutulutsa mayiyo. Panalibe. Mkulu wa apolisiwo anayang'ana mwininyumba, anayang'ana ife, n'kulamula kuti katundu abwerere m'nyumba mpaka nkhani ikaonekere kukhoti. Tsiku limenelo tinapeza wapolisi womva. Sizikhala choncho nthawi zonse. Ku Marikana pa 16 August 2012 apolisi a South Africa anawombera ndi kupha anthu 34 ogwira ntchito mumgodi wa Lonmin amene ankafuna malipiro a R12,500 pamwezi, ndipo anzawo 270 amene anamangidwa anayamba aimbidwa mlandu wopha anzawo omwewo, mpaka anthu atakwiya mlanduwo n'kuchotsedwa. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi anyamata otentha magazi amene amafuna kuyamba ndi kutseka msewu. Mwala umodzi wokha umapereka chifukwa chomwe ena anabwera akuchifunafuna.

Nanga khoti?

Khoti ndi lofunika, koma lokha silimanga nyumba. Irene Grootboom anapambana mlandu wotchuka wa ufulu wokhala ndi pokhala ku South Africa mu 2000, koma anamwalira mu 2008 akukhalabe m'chisakasa. Komabe dziko lomwelo lili ndi lamulo la mu 1998 lomwe limaletsa kutulutsa munthu m'nyumba popanda chigamulo cha khoti, ndipo lapulumutsa ambiri. Komiti ya United Nations yoona za maufulu a zachuma ndi chikhalidwe inanena mu 1997 kuti anthu asanasamutsidwe ayenera kufunsidwa maganizo, kupatsidwa nthawi yokwanira, kusachotsedwa usiku kapena nyengo ili yoipa kwambiri, ndiponso kuti kusamutsako kusasiye munthu wopanda pogona. Mzinda wa New York mu 2017 unafika pokhazikitsa lamulo lopatsa loya waulere anthu osauka amene akufuna kutulutsidwa, chifukwa kukhoti eninyumba ankabwera ndi maloya pomwe a lendi ankabwera okha. Ndipo lamulo limenelo analimenyera ndi magulu a anthu a lendi.

Ndalankhula zambiri, ndiye nazi zoti muchite, achemwali. Gulani kope sabata ino, muyende khomo ndi khomo, ndipo muyambe ndinu kutchula zanu. Sankhani anthu atatu kapena anayi, wolankhula azisinthana, ndipo kwa mwininyumba musapite nokha ngakhale atakuitanani mwaulemu. Lembani kalata imodzi yosainidwa ndi mabanja onse, yopempha kuti kukweza lendi ndi notisi zibwere zolembedwa, inu n'kusungako ina yofanana nayo. Lendi yakale pitirizani kulipira pamaso pa mboni kapena m'njira yosiya umboni, ndipo akakana kulandira isungeni osaidya, chifukwa ngongole ndiye chingwe chomwe adzakumangireni nacho kukhoti. Malamulo a notisi amasiyana dziko ndi dziko, choncho kaonaneni ndi ofesi yothandiza anthu pa zamalamulo mwaulere tsiku lisanafike. Pa tsikulo pakhale wojambula pafoni ataima patali, wina wolemba mayina a aliyense amene watengedwa ndi kumene apita naye, ndipo mukamangidwa musasaine pepala lomwe simunaliwerenge. Za ana, gwirizanani lero lomwe ndi munthu amene adzawatenge inu mukachedwa kubwera, ndipo anawo amudziwe.