Ulendo wokaoda ku Dar pa sitima

Achemwali, mwafunsa ngati n'zoona kuti munthu angapite kokaoda ku Dar es Salaam pa sitima, komanso kuti geni yake imayenda bwanji. Ine ndili ndi benchi ya zitenje ndi nsapato ku Limbe, ndipo njira imeneyi ndaipondapo kangapo.

Kuno ku Blantyre palibe sitima yokafika ku Tanzania. Mumakwera basi pa Wenela, kudutsa Mzuzu ndi Karonga mpaka pa boda ya Songwe. Tengani pasipoti, boda pasi sikufikitsani ku Dar. Mukaoloka mlatho muli pa Kasumulu, pamenepo mumakwera minibasi ya ku Mbeya. Ku Mbeyako ndiye mumakaipeza TAZARA, njanji imene anamanga anthu a ku China kuyambira 1970 mpaka 1975, yochokera ku Kapiri Mposhi ku Zambia mpaka ku Dar, makilomita 1,860.

Sitimayi siyenda tsiku lililonse, ndiye funsani masiku ake musananyamuke kwanu. Ndipo samalani ndi nthawi. Wotchi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi, koma chimene chinandigwetsa ine ndi Chiswahili. Anzathuwa amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, moti 7 koloko mmawa kwa iwo ndi "saa moja". Ulendo wanga woyamba mayi wina anandiuza kuti ndikafike pa siteshoni "saa nane". Ine ndi Chiswahili changa chotola m'njira, ndinati nane ndi 8, basi 8 koloko usiku. Kani amanena 2 koloko masana! Ndinafika pa siteshoni pali zii, chikwama pamutu, kenako kukalipira chipinda ndi ndalama ya mpamba. Mawa lake ndinakwera basi.

Mukaipeza sitimayo, gulani tikiti ya kalasi yachiwiri. M'chipinda mumagona anthu 6, amayi paokha abambo paokha, pomwe kalasi yoyamba ndi anthu 4. Yachitatu ndi yamipando, msana umathyoka. Ubwino wa sitima ndi woti mumatambasula miyendo, sizotupa mapazi ngati m'basi zija. Ndalama ndimamanga m'chitenje m'chiuno n'kugona nazo. Kuchoka pa Makambako kutsikira ku Mlimba njanji imalowa m'mapiri, mdima bii, kutuluka muli pa mlatho wautali, pansi chigwa choti osayang'ana kawiri. Pa masiteshoni amayi amabwera m'mawindo ndi nthochi, mazira ndi nkhuku yokazinga, ndiye khalani ndi mashilingi osinthasintha. Mukachita mwayi kudutsa ku malo osungirako nyama zakutchire a Nyerere (kale ankati Selous) kukuwala, mumaona nyama muli pawindo. Koma sitimayi imayenda mwachifatse, werengerani usana ndi usiku. Ngati makasitomala akukudikirani Loweruka, kwerani basi.

Musasokonezeke ndi sitima yamagetsi ya SGR imene inayamba mu 2024. Iyo ndi ya Dar, Morogoro ndi Dodoma, ku Mbeya siifika.

Mukatsika ku Dar, kwerani daladala (minibasi za kumeneko) ya ku msika waukulu wa Kariakoo. Tsiku loyamba osagula, ingozungulirani kumva mitengo, poti akangomva kalankhulidwe kathu mtengo umakwera. Katundu wochuluka ine sindibwera naye pa sitima, chifukwa ukatsika ku Mbeya uyambanso kulipira onyamula ndi minibasi mpaka pa boda. Ndimamangitsa mabelo, kulembapo dzina ndi nambala yanga ndi inki yosafufutika, n'kupereka kwa amalole obwera kuno, ndekha ndikubwera ndi kachikwama.

Malisiti onse sungani, a MRA akawafuna pa Songwe. Anzanu a ku Chipata akakuuzani za fomu yapafupi yolowetsera katundu ya COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a m'chigawo chino, dziwani kuti Tanzania inatuluka m'bungwelo mu 2000, ndiye kumeneku sigwira. Msonkho, thiransipoti, chakudya ndi malo ogona muziwerengeretu pa chitenje chilichonse musanatchule mtengo wogulitsira. Ine ndimalemba m'kakope ndili m'sitima momwemo, nthawi imakhalapo yambiri.