Zolowera kuseri m'paki ndi kamera, ine zinandionekera

Achimwene, ngati mukuganiza zolowera kuseri m'paki ya Kasungu kukajambula zithunzi, musayerekeze. Zotengana ndi wakabaza kulowera njira yakuseri pothawa ndalama ya pageti, ine ndinazichita mu October 2022, ndipo mpaka lero ndikangomva fungo la ndowe za njovu m'mimba mumandiwira.

Apo n'kuti njovu 263 zija zochokera ku Liwonde zitangobwera kumene mu July, zisanakhazikike n'komwe. Ine zimenezo sindinaziike kumutu. Ndinkangofuna chithunzi chimodzi basi: dzuwa likulowera ku Zambia, tchire lonse la Kasungu lili pansi panga, ine ndili pathanthwe pomwe sipanaimepo wojambula wina. Black Rock, thanthwe lotchuka la m'pakimo, ndinkaiona ngati ya alendo a ku loji ya Lifupa, aliyense ali nacho kale chithunzi chake. Ndiye kunapezeka mnyamata wina wa njinga yamoto, pakamwa pozuna. Akuti bwana musadandaule, ine ndinakulira momwemo, tinkatola matondo ndi mayi anga. Ndinamupatsa K15,000 yonse tisananyamuke. Uchitsiru wanga unayambira pamenepo.

Njinga tinaibisa pachitsamba, n'kuyenda wapansi maola awiri, akashembe akundiboola kudzera mu malaya. Tafika pathanthwe cha m'ma 5 koloko, ndaimika tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu, iye wandinyamulira chikwama chomwe munali madzi, tochi ndi foni. Ndikusintha lensi ndinangomva thyoo! nthambi kumunsi. Kenako kulira kwina kwapansipansi, kosamveka bwino m'khutu koma m'chifuwa. Kucheuka, mnzanga uja kulibe. Sananene ngakhale kuti bwana thawani. Ndinangoona msana wake ukuzimirira m'mitengo, chikwama changa chikudumphadumpha.

Zinali njovu zisanu ndi kamwana, zaima ndendende panjira yotsikira. Yaikuluyo inakweza chitamba n'kuloza komwe ndinali, makutu tambasu. Manja ananjenjemera mpaka lensi inapulumuka, n'kugubuduzika pathanthwe, ngwe ngwe ngwe, ine mtima uli m'mwamba kuti phokosolo lindiyitanira imfa. Ndinagona chafufumimba pamwala wotentha ngati chiwaya. Mdima unandipeza pomwepo. Usiku wonse afisi akulira chapatali, kukhosi kuli gwa, lilime ngati chikopa. Ndinapemphera mapemphero onse a ku Sande sukulu, ena ndinachita kupeka.

Ndipo chondiwawa n'choti mnyamata uja akudziwa bwino kuti anasiya munthu pakati pa njovu. Sanakauze agemu, sanakauze amfumu, anangokwera njinga yake n'kukagona kwawo. Munthu wotani ameneyo? Ndalama udye, foni utenge, koma osakuwa ngakhale kamodzi?

M'mawa ndinatsata dzuwa mpaka kutulukira m'minda. Ndinapeza mayi wina akutola zotsala m'munda wa chinangwa womwe njovu zinafukula usiku womwewo. Anandipatsa madzi m'kapu ya pulasitiki, ndinamwa katatu. Nditawaonetsa pakamera chithunzi chimodzi chomwe ndinajambula zisanavute, anayang'anitsitsa n'kunena kuti, "Ndiye mwavutikira kujambula zimene zatidyera chakudya?" Ndinasowa poyika nkhope. Ife tikati kukongola kwa chilengedwe timakhala takhuta, iwo amagona panja ndi zitini ndi moto kulondera mbewu.

Chithunzicho n'chosaoneka bwinonso. October ndi nthawi ya lupsa, utsi umaphimba mapiri onse, kumwamba kumangoti mbuu. Mukafuna mapiri ooneka mpaka kutali pitani April kapena May mvula itangotha, kaya September mitengo ikamaphuka masamba ofiira aja.

Ndiye lowerani pageti, lipirani, tengani wagemu wa mfuti, ndalama yake ndi yochepa kuposa lensi. Madzi ndi foni zikhale pathupi panu, osapatsa munthu. Zovala zakuda kapena zabuluu zisiyeni, akashembe amazikonda. Komabe ndisakunamizeni, malo enieni okongola amawadziwa ndi anthu a m'midzi yozungulira, otola matondo ndi ofula uchi, ndiye mupezeko mmodzi, bola adutsire kwa amfumu ndipo ndalama mumupatse pobwerera. Thanthwe lija ine ndikulifunabe, kuwala kwa m'mawa komwe ndinaona pamenepo sindinakuonenso kwina. Mukatsimikiza za May mundiuze ku inbox, tripod yanga inatsala komweko.