Kwa ofika kumene pa mafamu a mkaka ku KwaZulu-Natal: Juni asanakupezeni

Mwana wa achemwali anga wapeza ntchito pa kafamu ka ng'ombe zamkaka kufupi ndi Mooi River, ndiye wandifunsa kuti nyengo yozizira amaikonzekera bwanji. Ndayankhira pano kuti nanunso amene mwangodutsa pa Beitbridge mumve nawo.

Choyamba, musadzitame kuti kwanu ndi ku Dedza, kuzizira mumakudziwa. Kuno mu Juni ndi Julayi madzi amauma gwaa m'mapaipi, udzu wa kikuyu umapserera ndi chisanu, msipu kutheratu. Mu Sepitembala 2024 sinowo inatseka msewu wa N3 cha ku Van Reenen, anthu kugona m'magalimoto. Nchifukwa chake chakudya cha ng'ombe chimakonzedwa mu Malichi ndi Epulo: kudula chimanga chachiwisi cha sayileji (chakudya cha ng'ombe chosungidwa movindikira kuti mpweya usalowe), kuunjika mabelo a udzu pouma, kudzala udzu wothirira wa ryegrass. Pulasitiki wovindikira sayileji muzimuyendera m'mawa uliwonse. Khwangwala akangoboola, mpweya umalowa, chakudya n'kuchita nkhungu. Chankhungucho musapatse ng'ombe. Chijambuleni, mutumize kwa abwana pa WhatsApp.

Za kujambulazi ndikunenetsa. Pa famu ina ndinawauza abwana mu Meyi kuti paipi yopita pomwera ng'ombe njosakutira. Anangogwedeza mutu. Itaphulika mu Julayi anandidula malipiro, ati ndine wosasamala. Ndinauma m'kamwa, umboni ndinalibe, mpaka lero zimandiwawa. Mnyamata wina wa ku Mangochi posachedwapa amudula za magambuti ndi ovololo. Kumeneko nkuba, abale anga. Lamulo la antchito a m'mafamu limaletsa kukulipiritsani zovala zogwirira ntchito, ndipo za nyumba sangadule kupitirira 10 peresenti ya malipiro anu. Mu Malichi 2025 boma linaika R28.79 pa ola ngati malipiro otsikitsitsa. Zikavuta pitani ku CCMA, bungwe loweruza madandaulo a pakati pa antchito ndi mabwana awo.

Chachiwiri, ana a ng'ombe. Chibayo chimawapululutsa, ndipo akafa chala chimaloza inu. Akangobadwa amwe chithuwi m'maola oyambirira omwewo. Pogona pawo pakhale udzu wouma wochindikala. Gwadani pamenepo, bondo likanyowa, sinthani. Tchingani mbali yochokera mphepo, koma osatseka khola lonse, chifukwa fungo la mkodzo likadzaza ndi lomwe limawawononga mapapo.

Mawere a ng'ombe nawo amang'ambika. Mukatha kukama ndi kuviika m'mankhwala, musazitulutse kumphepo mawere akadali onyowa. Ng'ombe yamabala imaponya mateche, ndipo matenda a mawere amalowera pomwepo.

Za moto: njira zotchingira moto amaziwotcha chisanu chikangoumitsa udzu, mogwirizana ndi mafamu oyandikana nawo. Inu musayatse nokha ngati mmene timasakira mbewa kumudzi. Mphepo ya mu Ogasiti ikauwolotsera kwa neba, ndi mlandu waukulu.

Chomaliza ndi cha moyo wanu. Mudzadzuka 4 koloko, zala zosapindika, ndipo usiku mudzafuna kugona ndi mbaula m'kachipinda kotseka. Ayi ndithu. Mpweya wa makala sununkha, munthu amangogona osadzukanso, ndipo chaka chilichonse anthu amafa nazo kuno. Otherani panja, muzimitse, kenako mulowe. Malipiro oyamba, musanatumize pa Mukuru, gulani mabulangete awiri, chipewa chaubweya ndi masokosi ochindikala ku PEP. Amayi kumudzi adikire mwezi wamawa.